Mmene chithunzi cha nkhope chimasandukira timadontho tosindikizika pa tisheti

Munthu akaima pa Chitakale m'mawa kunja kutayera n'kuponya maso ku minda ya tiyi imene yayalana m'munsi mwa phiri la Mulanje, amaona ngati pagona nsalu imodzi yobiriwira, pena yoderako, pena yowalirako. Akatsikira m'mundamo amapeza kuti nsaluyo kulibe, koma pali zitsamba zambirimbiri zoima m'mizere, ndipo pamene pamaoneka poderapo ndi pamene zitsambazo zakula n'kugundana, pomwe powalirapo ndi pamene pali mipata yoonetsa dothi. Diso likakhala patali limaphatikiza tizinthu ting'onoting'ono n'kutiona ngati chinthu chimodzi, ndipo luso lonse losindikiza zithunzi pa nsalu pogwiritsa ntchito sikirini, imene ndi nsalu ya timabowo yokokedwa pa felemu kuti inki izidutsamo, latsamira pa khalidwe limeneli.

Sikirini imadziwa zinthu ziwiri zokha: pali malo amene inki imadutsa, ndipo pali malo amene atsekedwa ndi emulsion, mankhwala opaka pa sikirini amene amalimba kuwala kukawafika. Mawu a kwaya ya mpingo, dzina la sukulu kapena nambala ya wosewera mpira sizivuta, chifukwa chilembo chimakhala ndi malire oonekeratu. Vuto limayamba pamene munthu wabwera ndi chithunzi cha pafoni, kaya ndi cha mkwati ndi mkwatibwi, kaya cha malemu amene achibale akukonzekera kumumangira chiliza, kaya cha nsonga ya Sapitwa itavala mitambo, n'kunena kuti chioneke pa tisheti monga mmene chilili. Nkhope ya munthu ili ndi mthunzi pansi pa chibwano, kuwala pachipumi ndi pamphuno, ndiponso maonekedwe ambirimbiri apakati amene sali akuda kapena oyera. Kuti zonsezi zidutse pa sikirini, chithunzicho chimaphwanyidwa kukhala timadontho toima m'mizere yotalikirana mofanana, takulutakulu pamalo oderapo ndi ting'onoting'ono pamalo owala. Njira imeneyi imatchedwa halftone. Si yachilendo ayi, pakuti Georg Meisenbach wa ku Germany analembetsa njira yake yochitira zimenezi mu 1882, ndipo aliyense amene anayang'anitsitsapo chithunzi cha m'nyuzipepala anatiwona timadontho timeneti. Chimene chasintha n'chakuti lero ntchitoyi imagwiridwa ndi pulogalamu ya pakompyuta.

Pulogalamuyo, kaya ndi yogula kapena yaulere, imafunsa mafunso atatu: mizere ya timadontho ikhale ingati pa inchi iliyonse, mizereyo ipendekeke ndi madigiri angati, ndipo dontho lililonse likhale loumbika motani. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti mayankho a mafunso amenewa sapezeka m'kompyuta. Amapezeka pa meshi, kapena kuti nsalu ya sikirini imene yakokedwa pa felemu, pa pulinta imene itulutse filimu, pepala loonekera lonyamula timadontho limene limagonekedwa pa sikirini, ndiponso pa kuwala kumene kuwotchere sikirini, kutanthauza kulimbitsa emulsion pamalo osaphimbidwa ndi timadontho kuti yotsalayo ichoke potsuka. Ambiri amene timadontho tawo timakana kutuluka amakhala atayambira kumapeto, kusankha nambala yokongola pakompyuta asanafunse ngati zipangizo zawo zingainyamule.

Funso loyamba ndilo lofunika kulikhalira pansi. Chiwerengero cha mizere pa inchi chimalembedwa kuti LPI, ndipo chikakhala chachikulu timadontho timakhala ting'onoting'ono ndi tothinana, moti chithunzi chimaoneka chosalala. Koma dontho lililonse liyenera kukhala pa meshi, ndipo meshi ndi nsalu yolukidwa ngati sefa wa ufa, yokhala ndi ulusi wake ndi timabowo take. Meshi amaiwerenga m'njira ziwiri, ndipo kusokoneza njira ziwirizi kwawonongetsa masikirini ambiri. Ena amawerenga ulusi pa sentimita, n'kulemba 43T, 77T, 90T kapena 120T, pomwe ena amawerenga pa inchi, moti meshi zomwezo amazitchula kuti 110, 195, 230 ndi 305. Lamulo limene osindikiza ambiri amatsata n'lakuti chiwerengero cha ulusi pa inchi chipose LPI kanayi kapena kasanu. Motero meshi ya 90T imanyamula bwino mizere 45, ya 120T imafika pa 55, ya 77T imakhala pamtendere ndi mizere 35 mpaka 40, pomwe ya 43T, imene imapezeka kwambiri kwa osindikiza mawu pa matisheti, siyenera kupatsidwa mizere yopitirira 25.

Masamu ochepa amaonetsa chifukwa chake. Pa mizere 45, kuchoka pakati pa dontho limodzi kufika pakati pa linzake ndi mamilimita 0.56. Dontho loimira malo owala kwambiri, amene akufuna inki yokwana 5 peresenti yokha, limakhala lotambalala mamilimita pafupifupi 0.14. Pa meshi ya 90T, ulusi umodzi ndi bowo lake zimatenga mamilimita 0.11, kutanthauza kuti dontholo, ngakhale ligwere pati, lidzapeza kabowo koti inki idutsire. Pa meshi ya 43T, ulusi ndi bowo zimatenga mamilimita 0.23, ndipo ulusiwo ndi wonenepa, moti dontho lomwelo likagwera pamphambano ya ulusi limatsekeka pafupifupi lonse, pomwe linzake lagwera pabowo n'kutuluka lathunthu. Zotsatira zake ndi nkhope ya mawangamawanga, ngati ya munthu wodwala nthenda yapakhungu. Kumbali ya malo akuda kwambiri vuto limatembenuka, chifukwa kumeneko chimene chimatsala pa sikirini ndi tizilumba ta emulsion tozunguliridwa ndi malo otseguka, ndipo kachilumba kakapanda ulusi wokwanira wogwirapo kamakokoloka ndi madzi pa nthawi yotsuka. Tsitsi, jekete lakuda ndi mthunzi wa pakhosi zimasanduka chigamba chimodzi chakuda bii.

Pa chifukwa chimenechi, wosindikiza amene ali ndi meshi ya 77T asachite manyazi kugwiritsa ntchito mizere 35. Tisheti siiwerengedwa pafupi ngati buku. Anthu amaiona munthu ataivala, ali pamtunda wa mita imodzi kapena iwiri, ndipo pamtunda umenewo timadontho takulutakulu totuluka bwino timapereka nkhope yozindikirika kuposa timadontho ting'onoting'ono tosowa theka.

Funso lachiwiri, la kupendekeka kwa mizere, limamveka mosavuta kwa aliyense amene anapindapo neti ya udzudzu. Nsalu ziwiri za netiyo zikagonerana, pamaoneka mafunde ndi mikwingwirima imene palibe pa nsalu iliyonse payokha. Osindikiza amatcha mafunde amenewa kuti moiré, ndipo amabadwa nthawi iliyonse pamene zinthu ziwiri zoyalidwa m'mizere zasanjikizana. Pa ntchito yathu zinthuzo zilipo zitatu: mizere ya timadontho, ulusi wa meshi, ndi maluko a tishetiyo. Ulusi wa meshi umayenda mowongoka, wina choimirira wina chopingasa, choncho mizere ya timadontho iyenera kupewa madigiri 0 ndi 90, komanso 45 amene amadula tibokosi ta meshi pakati penipeni. Mapulogalamu ambiri amadza ataikiratu 45, chifukwa ndiwo amakondedwa posindikiza inki yakuda papepala, ndipo munthu wosadziwa amangovomereza. Osindikiza nsalu ambiri amasankha madigiri 22.5, amene ali pakati pa 0 ndi 45. Komabe nambala imeneyi imathandiza pokhapokha meshi itakokedwa mowongoka pa felemu. Ngati inakokedwa ndi manja n'kukhomedwa ndi timisomali mbali imodzi itapotoka, madigiri a pakompyuta sagwirizananso ndi a pa sikirini. Njira yabwino yodzitetezera ndiyo kuika filimu pa sikirini yopanda emulsion n'kuyang'ana kowala. Mafunde akaoneka, filimuyo itembenuzidwe pang'onopang'ono mpaka atazimirira, ndipo zimenezo zidzasonyeza madigiri oyenera felemu imeneyo.

Funso lachitatu silifuna mawu ambiri. Timadontho tozungulira tikamakula timagundana mbali zonse zinayi nthawi imodzi, ndipo pamalo amenewo chithunzi chimada mwadzidzidzi. Toumbika ngati dzira timayamba kugundana mbali ziwiri, kenako zina ziwirizo, moti kusintha kwake kumakhala kofewa, ndipo n'chifukwa chake timakondedwa pa nkhope za anthu.

Tsopano tifike pa mapulogalamu enieniwo. Pulinta wamba ya inki ikapatsidwa chithunzi chotuwa imachisindikiza mwa njira yake, pomwaza timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti n'ting'onoting'ono kwambiri moti palibe meshi imene ingatisunge. Mapulogalamu ojambulira monga CorelDRAW ndi Illustrator ali ndi malo olembapo LPI ndi madigiri, koma malangizo amenewo amamvedwa ndi pulinta yodziwa chinenero cha PostScript, ndipo mapulinta ambiri a m'maofesi ndi m'mashopu sachidziwa. Apa m'pamene pamalowera pulogalamu yotchedwa RIP, monga AccuRIP, FilmMaker kapena Wasatch, imene imaima pakati pa chojambula ndi pulinta. Ntchito yake ndi kusandutsa malo onse otuwa kukhala timadontho a LPI, madigiri ndi maumbidwe amene wosindikiza wasankha, komanso kulamula pulinta kuthira inki yochuluka kuti filimu ide mokwanira. Mapulogalamu amenewa ndi ogula, ndipo aliyense amagwira ndi mitundu ina ya mapulinta, makamaka a Epson, choncho munthu ayambe wafufuza ngati pulinta yake ili m'gulumo asanataye ndalama. Palinso Ghostscript, yaulere, imene imamasulira PostScript, ngakhale kuti imafuna kuleza mtima poiphunzira.

Wopanda RIP akhoza kupanga timadontho yekha chithunzi chisanapite ku pulinta, ndipo kwa ntchito ya mtundu umodzi wa inki njira imeneyi ndi yokwanira. Mu Photoshop, chithunzi chiyambe chaikidwa pa msinkhu weniweni umene chidzakhale nawo pa tisheti, kenako chisandutsidwe Grayscale, kutanthauza chotuwa chopanda mitundu, ndiyeno Bitmap, chokhala ndi zakuda ndi zoyera zokha. Pamenepo pulogalamu imafunsa kuchuluka kwa timadontho ta pulinta pa inchi, ndipo 600 kapena 1200 ndi manambala abwino. Njira yosankha ndi Halftone Screen, imene imatsegula malo olembapo mayankho a mafunso atatu aja. Chifukwa chofunira nambala yaikulu n'chakuti dontho lililonse la halftone limamangidwa ndi timadontho ta pulinta, monga khoma limamangidwira ndi njerwa. Pa 600 ndi mizere 45, dontho limodzi lili ndi bwalo la njerwa 13 mlitali ndi 13 mlifupi, zimene zimalola misinkhu pafupifupi 170 ya kuda ndi kuwala. Pa 300, misinkhuyo imatsika kufika pafupifupi 45, m'mphepete mwa timadontho mumakhala mokhakhala, ndipo patsaya pamayamba kuoneka masitepe m'malo mosalala. Mu GIMP, imene ndi yaulere, ntchito yomweyi imagwiridwa ndi Newsprint, koma iyo imafunsa kutalikirana kwa timadontho m'malo mwa LPI, choncho munthu amagawa 600 ndi 45 n'kulemba 13.3, akamaliza aonetsetse kuti m'chithunzimo mwatsala zakuda ndi zoyera zokhazokha, popanda zotuwa m'mphepete mwa timadontho. Timadontho tikapangidwa, chithunzi chisakulitsidwenso kapena kuchepetsedwa, ndipo chitulutsidwe pa 100 peresenti, chifukwa kusintha msinkhu kumasinthanso LPI ndipo kumaphwanya maumbidwe a timadontho. Ndi bwino kusunga chithunzi choyambacho padera, kuti makasitomala akafuna msinkhu wina ntchito iyambirenso pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaiwalika kawirikawiri ndipo chimapweteka mtima chikachitika pa tisheti ya malemu. Malo akuda pa filimu ndiwo malo amene inki idzadutse. Ngati inkiyo ndi yakuda ndipo tisheti ndi yoyera, zonse zili bwino. Koma ngati inki ndi yoyera ndipo tisheti ndi yakuda, chithunzi chiyenera kutembenuzidwa kaye ndi lamulo la Invert timadontho tisanapangidwe, kuti malo owala a nkhope ndiwo alandire inki. Kupanda kutero, maso ndi tsitsi zimatuluka zoyera, ndipo achibale sangamuzindikire munthu wawo.

Chithunzi chisanaphwanyidwe chimafunanso kukonzedwa, ndipo pano m'pamene wosindikiza wodziwa amasiyanirana ndi wongoyamba kumene. Inki ikadutsa pa kabowo n'kufika pa nsalu imayanza, moti dontho la pa tisheti limakhala lalikulu kuposa la pa filimu. Dontho la 50 peresenti nthawi zambiri limatuluka lili pafupi ndi 70, ndipo la 85 kapena 90 limangotsekeka. Nkhope za anthu ambiri kwathu kuno zimakhala kale m'chigawo chapakati ndi choderapo cha chithunzi, makamaka ngati chinajambulidwa m'nyumba kapena pamthunzi, ndiye zikasiyidwa mmene zilili, kuyanza kwa inki kumameza mphuno, masaya ndi milomo yonse pamodzi. Mankhwala ake ndi kuwalitsa chigawo chapakati pogwiritsa ntchito Curves kapena Levels mpaka chithunzi chioneke chotumbuluka pakompyuta, kusiya kuda kwenikweni pa mboni za maso, pa nsidze ndi pa mithunzi yozama yokha. Kuchuluka kwa kuwalitsako sikungakopedwe kwa munthu wina. Wosindikiza apange mzere wa tibokosi ta timadontho, kuda kwake koyambira 5 peresenti, 10, 20, mpaka 90, autulutse pa filimu, awotche, asindikize pa tisheti yakale ndi inki imene amagwiritsa ntchito masiku onse, kenako ayerekeze ndi filimu. Kansalu kameneko kadzamuuza dontho laling'onong'ono limene malo ake ogwirira ntchito amatha kusunga, ndiponso pamene timadontho timayambira kutsekeka. Ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo ndimaiona kukhala yaphindu kuposa kugula pulogalamu yodula.

Filimu iyenera kukhala yakuda moti ikaikidwa kudzuwa, kuwala kusalowe pa timadontho. Filimu yopangidwira pulinta ya inki imachita bwino koposa. Pepala loonekera lotulutsidwa pa pulinta ya leza limakhala lotuwirako, ndipo kutentha kwa pulintayo kumatha kulifupikitsa pang'ono. Nzeru yopaka mafuta pa pepala wamba kuti lilole kuwala, kapena yosanjikiza mafilimu awiri kuti kuda kuwonjezeke, imathandiza pa zilembo zikuluzikulu, koma pa halftone imawononga, chifukwa pepala la mafuta limamwaza kuwala, ndipo mafilimu awiri sagonerana ndendende pa dontho lililonse.

Nyengo ya kuno ili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Mulanje ndi Thyolo ndi maboma a mvula yambiri, ndipo ngakhale dzinja litatha, miyezi yozizira imabwera ndi chiperoni, mphepo yachinyezi yochokera mbali ya ku Mozambique imene imatha kukhala masiku angapo ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Emulsion imayamwa chinyezi, ndipo ikhoza kumveka youma pogwira pomwe mkati ikadali ndi madzi. Yoteroyo siilimba bwino ikawotchedwa, ndipo tizilumba ting'onoting'ono tija ndito timayamba kukokoloka. Sikirini iumitsidwe m'bokosi lamdima lokhala ndi mpweya wofunda woyendayenda, itagonekedwa mbali yokhudza nsalu ili pansi, kuti emulsion itsikire kumbali imeneyo n'kupanga malire akuthwa a dontho. Owotchera padzuwa ali ndi vuto linanso, chifukwa dzuwa la mu Okutobala silifanana ndi la mu Juni, ndipo mtambo umodzi wochokera kuphiri umasintha zonse m'kanthawi kochepa. Kuwala kukachuluka kumalowa pansi pa m'mphepete mwa timadontho ting'onoting'ono n'kutitseka, ndipo kukachepa emulsion imafewa n'kuchoka. Pa zilembo, kulakwitsa ndi masekondi angapo sikuoneka, koma pa halftone kumaoneka. Choncho filimu ipanikizidwe zolimba pa sikirini ndi galasi pamwamba ndi siponji yakuda pansi, mbali ya inki ya filimuyo itakhudza emulsion, ndipo nthawi yoyenera ipezedwe powotcha sikirini imodzi m'zigawo, kuvundukula chigawo chimodzi pakapita masekondi owerengeka. Amene angakwanitse kupanga bokosi la nyale za UV amadzichotsera nkhawa ya mitambo, ngakhale kuti amatsala ndi ya kuzima kwa magetsi. Meshi yachikasu imathandizanso, popeza ulusi wake sumwaza kuwala ngati woyera.

Pa tebulo losindikizira, ntchito yonse ya pakompyuta ikhoza kuwonongeka ndi dzanja lolemera. Mphira yokokera inki ikhale yolimba ndi yakuthwa, iimitsidwe pafupifupi chilili, ndipo ikokedwe kamodzi kokha ngati n'kotheka, chifukwa kubwereza kumakulitsa dontho lililonse. Sikirini isagone pa tisheti koma pakhale kampata ka mamilimita awiri kapena atatu, kuti meshi izikhudza nsalu pamzere wa mphira pokha n'kudzuka nthawi yomweyo. Meshi yolobodoka imamatirira n'kupaka timadontho. Inki ya madzi imauma msanga m'timabowo ting'onoting'ono, makamaka m'nyengo yotentha, choncho sikirini iziphimbidwa ndi inki pakati pa tisheti ina ndi inzake ndipo ntchito isamaime. Inki ya plastisol, yopangidwa ndi pulasitiki, siuma pa sikirini, n'chifukwa chake imakondedwa pa halftone, koma imafuna kutenthedwa mpaka pafupifupi madigiri 160 a Celsius kuti igwire nsalu.

Zithunzi za mitundu yonse zimatsata mfundo zomwezi, kungoti masikirini amakhala anayi: la inki yachikasu, yobiriwira ngati thambo, yofiirira, ndi yakuda. Osindikiza papepala amaika mitundu imeneyi pa madigiri 0, 15, 75 ndi 45, ndipo osindikiza nsalu ena amawonjezera 7.5 pa iliyonse kuti apewe ulusi wa meshi, n'kupeza 7.5, 22.5, 82.5 ndi 52.5, pomwe ena amaika yonse pa 22.5. Ntchito yotere imafuna meshi ya 120T yokokedwa zolimba mofanana pa mafelemu onse anayi, ndiponso makina ogwira masikirini kuti agwere pamalo amodzi popanda kusuntha. Wosindikizira pa tebulo lathabwa lokhala ndi mahinji awiri angachite bwino kuyamba ndi inki imodzi yakuda pa tisheti yoyera, meshi ya 77T, mizere 35, madigiri 22.5 ndi timadontho toumbika ngati dzira, ndipo kansalu ka tibokosi kaja kakaonetsa kuti dontho la 10 peresenti latuluka ndipo la 80 silinatsekeke, akhoza kugula meshi ya 90T n'kukwera pa mizere 45.